Ndani atseke bulaketi, zala zanu kapena edita?

Tsiku lina ndinataya nthawi yambiri pa mzere umodzi wa khodi umene unkakana kuyenda. Ndinauwerenga kangapo, kuchoka kumanzere mpaka kumanja, koma maso osagwira kanthu. Mzerewo unali wotere: print(len(dzina))). Mabulaketi otsegula awiri, otseka atatu. Lachitatulo sindinalifune ayi. Edita, pulogalamu yolembera khodi, inali itandiikira kale otseka pamene ndinkalemba otsegula, ine ndinachokapo kaye kukakonza mzere wina pamwamba, ndipo pobwerera zala zanga zinachita zimene zinazolowera kwa zaka zambiri. Zinatseka. Tonse awiri tinagwira ntchito imodzimodzi, ndipo ntchitoyo inawonongeka.

Pa kiyibodi pamakhala antchito awiri, inuyo ndi pulogalamu yolembera, koma palibe amene anawauza kuti wotseka ndi ndani. Malangizo awa ndi oti mugwirizane. Ndikamba kwambiri za Visual Studio Code poti ndi imene ndimakhala nayo tsiku ndi tsiku, koma ndikhudzanso Vim, Emacs, Sublime Text, Notepad++ ndi maedita a JetBrains.

Yambani ndi kuyesa, musanasinthe chilichonse

Tsegulani fayilo yopanda kanthu ndipo muisunge ndi dzina lothera ndi .py (Python) kapena .js (JavaScript). Izi n'zofunika chifukwa edita imasintha khalidwe molingana ndi mtundu wa fayilo. Zimene imachita mu Python si zimene imachita m'zolemba wamba.

Tsopano lembani bulaketi lotsegula, muchotse manja pa kiyibodi, muyang'ane. Kodi lotseka labwera lokha? Kodi cursor, kamzere kosonyeza pomwe mukulemba, yaima pakati pa awiriwo? Lembani liwu limodzi m'katimo, kenako dinani nokha bulaketi lotseka. Apa ndi poyenera kupenyetsetsa: mwina cursor ingodumpha limene linalipo kale, mwina pabwera lachiwiri. Pitani pa mzere wina, mutsegule bulaketi, nthawi yomweyo mudine Backspace, muone ngati afufutika onse awiri kapena latsala limodzi lamasiye. Lembaninso liwu, mulisankhe lonse pogwira Shift ndi mabatani a mivi, mudine bulaketi lotsegula. Liwulo lakutidwa, kapena lafufutika? Ikani cursor moyandikana ndi chilembo choyamba cha liwu lolembedwa kale, mutsegule bulaketi pomwepo, muone ngati edita yatseka kapena yakusiyirani. Chomaliza, lembani { n'kudina Enter. M'maedita ambiri lotsekalo limatsika mizere iwiri, cursor n'kukhala pa mzere wapakati italowa kale m'kati pang'ono.

Mphindi zisanu zikwana. Ndaonapo anthu amene akhala ndi edita imodzi zaka zingapo koma sangayankhe mafunso amenewa, ndipo mukawayang'ana akulemba mumaona kakuima kakang'ono nthawi zonse akafika pa bulaketi. Amadina, amakweza maso kuti aone chimene chachitika, kenako n'kupitiriza. Kakuimako ndi kamene tikufuna kuchotsa.

Kumene amasinthira zinthu

Mu Visual Studio Code dinani Ctrl pamodzi ndi batani la koma (,), kapena Cmd ndi batani lomwelo ngati muli pa Mac, mulembe mawu oti auto closing m'kabokosi kofufuzira. Chosinthira choyamba ndi editor.autoClosingBrackets, ndipo chili ndi zisankho zinayi. always imatseka nthawi zonse, never siitseka n'komwe, beforeWhitespace imatseka pokhapokha kumanja kwa cursor kulibe chilembo, pomwe languageDefined imatsatira malamulo a chiyankhulo cha khodi chimene mukulemba. Edita imabwera ili pa languageDefined, ndipo ine ndimaisiya pomwepo. always ndinaiyesa sabata imodzi n'kuithawa, chifukwa imatseka ngakhale mwaika cursor kutsogolo kwa liwu limene mukufuna kuliika m'kati, ndiye mumapeza mabulaketi awiri opanda kanthu, liwu lili panja. Mitengero ili ndi chosinthira chake, editor.autoClosingQuotes, chokhala ndi zisankho zomwezo.

Chimene anthu ambiri sachidziwa, chikhalirecho ndi chimene chimawavutitsa, ndi editor.autoClosingOvertype. Chimenechi ndi chimene chimalamula zochitika mukadina bulaketi lotseka pomwe lina lili kale kumanja kwa cursor. Chikakhala pa auto, edita imadumpha bulaketi lokhalo limene inaika yokha, ndipo imalikumbukira pokhapokha cursor ikadali m'kati mwake. Mukangotuluka kupita pa mzere wina, yaiwala. Mukabwerera n'kudina lotseka, imaliona ngati chilembo chatsopano n'kuliwonjezera. Mzere wanga uja unawonongeka choncho.

Munthu angaganize kuti mankhwala ake ndi kuika always, kuti edita izidumpha bulaketi lililonse lotseka limene yalipeza. Koma taonani izi. Muli ndi print(dzina) ndipo mukufuna kuwonjezera len m'katimo. Mwalemba len ndi bulaketi lotsegula kutsogolo kwa dzina, edita sinatseke poti kumanja kuli chilembo. Mwapita kumapeto kwa dzina, mwadina lotseka. Pa always, cursor ingodumpha limene linalipo kale, inu n'kumaganiza kuti mwatseka, pomwe mzere watsala ndi otsegula awiri ndi lotseka limodzi. Choncho auto imalakwa powonjezera, always imalakwa pochepetsa. Ine ndinasankha auto, chifukwa bulaketi lowonjezera limaoneka msanga pa sikirini kusiyana ndi losowa.

Palinso editor.autoClosingDelete, chimene chimafufuta onse awiri mukadina Backspace pakati pa mabulaketi opanda kanthu, ndi editor.autoSurround, chimene ndikamba kutsogoloku. Zonsezi zisiyeni momwe zinabwerera.

Maedita ena ndingodutsamo. Mu Sublime Text chosinthira chake ndi auto_match_enabled. Mu Notepad++ pitani ku Settings, Preferences, Auto-Completion, ndipo m'gawo la Auto-Insert mumachonga mtundu uliwonse wa bulaketi paokha. Mu IntelliJ IDEA, PyCharm ndi anzake a JetBrains zili ku Settings, Editor, General, Smart Keys. Mu Emacs mumayatsa electric-pair-mode, imene inabwera ndi mtundu wa 24.1 mu 2012.

Chizolowezi chimene ndikukupemphani kuti musachitaye

Ngakhale edita yanu imatseka yokha, pitirizani kudina bulaketi lotseka ndi chala chanu. Mwina mufunsa kuti nanga phindu lake n'lotani ngati ndikudinabe mabatani onse. Phindu lilipo. Nthawi yonse imene mukulemba za m'kati, khodi yanu imakhala yolingana mbali zonse, kotero edita siikudzazirani mizere yofiira pansi pa fayilo yonse, ndipo imatha kukuthandizani kumaliza mayina a zinthu. Mukafika kumapeto, kudina lotseka kumasanduka njira yotulukira. Chala chachita zimene chinazolowera, edita yadumpha lake lija, palibe amene waponda mnzake.

Chifukwa chachiwiri ndi chimene ndimachiona cholemera. Simulemba mu edita imodzi moyo wanu wonse. Mawa mudzakhala pa terminal, malo olemberamo malamulo a kompyuta, pomwe bash, pulogalamu yowerenga malamulowo, siitseka kanthu. Mudzalowa pa seva ya kutali n'kupeza vi yokha, edita yakale yosatseka mabulaketi. Mudzalemba kakhodi m'kabokosi ka pa intaneti, kapena mudzakhala pa kompyuta ya mnzanu kumuthandiza. Zala zimene zinaleka kutseka zimasiya mabulaketi osatseka m'malo onsewa, mwini wake osadziwa. Zala zimene zimatsekabe zimagwira ntchito kulikonse, kaya edita ikuthandiza kaya ayi.

Ena ali ndi njira ina yabwinonso. Amadina lotsegula ndi lotseka motsatizana, kenako muvi wa kumanzere, n'kuyamba kulemba za m'kati. Njirayi imayenda chimodzimodzi mu edita yotseka yokha ndi mu yosatseka, chifukwa lotseka lanulo limangodumpha la edita. Ngati munaizolowera kale, musaisiye. Choipa ndi kusakaniza, lero kutseka, mawa kudalira edita.

Ndipo ngati mwayesa milungu iwiri koma mukuonabe kuti mabulaketi odzibweretsa okha akukusokonezani maganizo, zimitsani. Ikani never. Alipo anthu odziwa bwino ntchitoyi amene amalemba choncho, ndipo khodi yawo ilibe vuto.

Kutuluka

Kutsegula bulaketi n'kosavuta. Nthawi imathera potuluka, makamaka pamene mabulaketi aunjikana kumapeto kwa mzere, mtengero wotseka, bulaketi, bulaketi linanso, inu muli m'katikati. Chimene ambiri amachita ndi kunyamula dzanja lamanja kupita ku mivi, kudina katatu, n'kubwerera kudzafufuza pomwe zala zinali. Ena amafika pogwira mawusi. Muwerenge kuti zimenezi zimachitika kangati pa tsiku, mudzadabwa.

Likakhala limodzi kapena awiri, dinani otsekawo monga ndanenera. Akachuluka ndipo mukufuna kukathera kumapeto kwa mzere, mwachitsanzo kukaika chizindikiro cha ; mu C, Java kapena JavaScript, dinani End kamodzi. Pa malaputopu ambiri ang'onoang'ono End imapezeka pogwira Fn ndi muvi wa kumanja, ndipo pa Mac ndi Cmd ndi muvi womwewo. Koma nthawi zambiri chimene mumafuna si kumapeto kwa mzere, ndi mzere watsopano. Apa Ctrl+Enter ndi bwenzi lenileni. Mu Visual Studio Code ndi Sublime Text imatsegula mzere watsopano pansi posatengera pomwe cursor ili, osadula mzere umene mulipo. Mwa zonse zimene ndinaphunzira pa nkhaniyi, batani limeneli ndi limene linasintha kwambiri kalembedwe kanga.

Chenjezo kwa amene amasinthasintha maedita: Ctrl+Shift+Enter mu Visual Studio Code imatsegula mzere pamwamba, pomwe mu JetBrains imamalizitsa mzere umene mukulemba, kuika mabulaketi osowa ndi chizindikiro cha ; kumapeto. Mabatani amodzimodzi, ntchito zosiyana. JetBrains ilinso ndi chisankho chotulukira m'bulaketi ndi Tab. N'chokoma, koma Tab ali kale ndi ntchito zambiri, kulowetsa mzere m'kati ndi kuvomera mawu amene edita yakupatsani, ndiye ine sindimamuwonjezera katundu.

Kukuta mawu olembedwa kale

Bwererani ku print(dzina) uja. Njira yaukhondo yowonjezera len ndi iyi. Sankhani dzina lonse, mudine bulaketi lotsegula. Edita ikuta liwulo mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Dinani muvi wa kumanzere kawiri, koyamba kuti muchotse kusankhako, kachiwiri kuti mutuluke kutsogolo kwa bulaketi, mulembe len. Palibe mpata woiwala lotseka chifukwa onse awiri abadwira limodzi. Zimagwiranso ndi mitengero ndi mabulaketi a mitundu ina. Posankha zimene mukufuna kukuta, Shift+Alt ndi muvi wa kumanja mu Visual Studio Code imakulitsa kusankha pang'onopang'ono, kuyambira liwu, kufika zonse za m'bulaketi, kenako bulaketi lenilenilo. Mu Sublime Text, Ctrl+Shift+M imasankha zonse za m'kati mwa mabulaketi.

Kumbukirani kuti m'mapulogalamu ena ambiri, kudina chilembo chilichonse mutasankha mawu kumafufuta mawuwo. Zikakuchitikirani, Ctrl+Z ikubwezerani.

Nkhodolero

Aliyense wolemba Chichewa pa kiyibodi amadina nkhodolero kambirimbiri: m'nyumba, n'chifukwa, pang'ono, ng'ombe. Batani lake ndi lomwelo limene khodi imagwiritsa ntchito ngati mtengero umodzi. Visual Studio Code ili ndi nzeru pang'ono apa, siitseka mtengero ukabwera chilembo chitangolembedwa kumene. Koma malamulo osavuta amene munthu amadzilembera yekha, ndi zowonjezera zina, sizisiyanitsa. Mulemba m'nyumba, kumapeto kwa liwu n'kupeza kankhodolero kena kakukankhidwa kutsogolo ndi chilembo chilichonse chimene mukulemba. Yesani liwu limeneli mu edita yanu, mu fayilo ya Markdown (ya zolemba, yothera ndi .md) ndi m'ndemanga ya m'khodi. Ngati zikuvuta, musazimitse paliponse. Dinani Ctrl+Shift+P, mufufuze Configure Language Specific Settings, musankhe Markdown kapena Plain Text, muike editor.autoClosingQuotes pa never kwa mtundu wa fayilo umenewo wokha. Python yanu ikhala monga inalili.

Kwa a Vim

Vim, imene Bram Moolenaar anatulutsa mu 1991 potengera vi ya Bill Joy ya mu 1976, siitseka mabulaketi yokha. Pafupifupi aliyense woyamba kumene amapeza kamzere aka n'kukaika mu .vimrc yake, fayilo yosungira makonzedwe a Vim: inoremap ( ()<Left>. Kamagwira, koma kali ndi zilema ziwiri. Choyamba, sikadziwa kudumpha, ndiye mukadina lotseka mumakhala ndi awiri. Chachiwiri n'chobisika. Kusuntha cursor ndi muvi muli pakati polemba kumadula mbiri ya zimene mwalemba, kotero batani la dontho, limene limabwereza ntchito yomaliza, limangobwereza chidutswa, ndipo u imabweza pang'onopang'ono. Chachiwirichi chimakonzeka poika Ctrl-G ndi U wamkulu muvi uja usanabwere, koma choyambacho chimafuna kuti mulembe malamulo ena. Mukafika pamenepo, ndi bwino kungotenga chowonjezera chokhwima kale monga auto-pairs kapena delimitMate, kapena nvim-autopairs kwa a Neovim.

Musanatero, phunzirani zimene Vim ili nazo kale. Batani la % limadumphira ku bulaketi linzake. ci( imafufuta zonse za m'kati mwa mabulaketi n'kukusiyani mukulemba momwemo. A wamkulu amakufikitsani kumapeto kwa mzere, o amatsegula mzere pansi. Ndipo ngati pomata khodi mu terminal mukuona mabulaketi akuchulukana okha, lamulo la :set paste limazimitsa malamulo anu aja kwa kanthawi.

Zala zenizenizo

Pa kiyibodi ya ku United States, mabulaketi ozungulira ali pa 9 ndi 0 mutagwira Shift, a ngodya ali kumanja kwa P, ndipo opiringizika ali pa mabatani omwewo ndi Shift. Onsewa ali ku dzanja lamanja, ndipo ambiri amagwera kachala kakumapeto, kamene kalinso ndi Enter ndi Backspace. Choncho gwirani Shift wa kumanzere. Ndimaona anthu akupinda dzanja lamanja kuti kachala kamodzi kagwire Shift pomwe china chikutambasukira ku 9, ndipo pofika madzulo mkono umakhala ukuwawa. Lamulo lake ndi lakale la otayipa: Shift agwiridwe ndi dzanja limene silikudina chilembo. Mukatha, zala zolozera zibwerere pa F ndi J, pomwe pali timabampu tokuthandizani kupeza malo osayang'ana.

Mayalidwe a mabatani amasiyana. Pa kiyibodi ya ku United Kingdom mtengero wa timizere tiwiri uli pa 2. Pa ya Chijeremani, opiringizika amafuna AltGr ndi 7 kapena 0, a ngodya AltGr ndi 8 kapena 9, ndipo kwa munthu wolemba pa kiyibodi yotere, edita yotseka yokha imapumitsadi dzanja. Ngati bulaketi likutuluka pa batani lina osati pomwe lajambulidwa, si edita, ndi kayalidwe kamene kompyuta yanu yasankha.

Pophunzitsa zala, tengani chinthu chimodzi pa sabata. Sabata yoyamba, kutseka ndi chala osagwira mivi. Yachiwiri, Ctrl+Enter. Yachitatu, kusankha ndi kukuta. Masiku oyamba mudzachedwa kuposa kale, ndipo dzanja lidzathawirabe ku mivi. Likatero, bwezani ndi Ctrl+Z, muchitenso mwa njira yatsopanoyo. Kubwerezako ndi kumene kumalowa m'zala.

Likasowa kapena likachuluka

Ikani cursor pa bulaketi lotsegula limene mukulikayikira, mudumphire kwa linzake. Mu Visual Studio Code ndi Ctrl+Shift+\, mu Sublime Text Ctrl+M, mu Notepad++ Ctrl+B, mu Vim %. Mukatera pa malo amene simumayembekezera, vuto lili pakati pa malo awiriwo. Yambani ndi lakunja kwenikweni, muzilowa m'kati. Visual Studio Code imapakanso mabulaketi mitundu, awiriawiri mtundu umodzi. Zimenezi zinalowa mu edita yeniyeniyo mu 2021 ndi mtundu wa 1.60, ndipo kuyambira 1.67 mu 2022 zimakhala zoyaka kale. Lotseka lopanda mnzake limaoneka lofiira. Nayonso Python, kuyambira 3.10 ya mu 2021, imakulozerani bulaketi lenilenilo limene silinatsekedwe, pomwe kale inkangodandaula za mzere wotsatira umene unalibe mlandu.

Chimene ndikukuletsani ndi kungowonjezera bulaketi kumapeto kuti uthenga wofiira uchoke. Mabulaketi akhoza kulingana chiwerengero koma ali pa malo olakwika, ndipo pamenepo palibe mtundu wofiira, palibe uthenga, pulogalamu imangoyenda. Edita yotseka yokha imabweretsa vuto limeneli mosavuta kwambiri. Mukufuna kupeza pakati pa manambala awiri, a ndi b. Mwatsegula bulaketi, edita yatseka, mwalemba a + b, ndipo poti maso aona kale lotseka pa sikirini, mutu waganiza kuti mwatuluka. Mwapitiriza / 2 mukadali m'kati. Mumafuna (a + b) / 2 koma mwalemba (a + b / 2). Mabulaketi ndi awiri, mitundu yawo ikugwirizana, kudumpha kukuterani pomwe mukuyembekezera. Njira yogwirira cholakwikachi ndi kuyesa ndi manambala amene yankho lake mukulidziwa kale. Ikani 10 ndi 20. Yankho loyenera ndi 15. Mukapeza 20, bwezani bulaketi lotsekalo kumbuyo, likhale pambuyo pa b.